Manda Salozedwa ndi Chala: Masewera a Geocaching Tikawayesa ku Mua

Pali masewera ena amene anabadwira ku America m'chaka cha 2000, ndipo eni ake amawatcha geocaching. Kaseweredwe kake n'kosavuta kufotokoza. Munthu amatenga kabokosi kosalowa madzi, n'kuikamo kabuku, pensulo ndi tizinthu tosadula, kenaka n'kukakabisa penapake: m'phako la mtengo, pansi pa mwala, kaya kuseri kwa mpanda. Akatero amalengeza pa intaneti manambala a malowo monga momwe makina a GPS amusonyezera. Anzake, amene mwina sadzaonana nawo n'komwe, amalondola manambalawo kufikira atakapeza kabokosiko. Amasayina m'kabuku muja, amatengamo kanthu n'kusiyamo kena, kenaka amakabwezera pomwe anakapeza kuti wina adzavutikenso.

Chiyambi chake chinali chotere. Kumayambiriro kwa mwezi wa Meyi chaka chimenecho, boma la America linaleka kusokoneza dala mauthenga a masetilaiti amene anthu wamba ankalandira. Makina amene kale ankaphonya malo ndi mamita ngati 100 anayamba kumufikitsa munthu pafupifupi pakhomo penipeni. Pa 3 Meyi, mkulu wina dzina lake Dave Ulmer, pofuna kuyesa zimenezi, anakabisa chidebe chakuda m'tchire la ku Beavercreek m'chigawo cha Oregon. M'chidebemo anaikamo mabuku, ndalama pang'ono, legeni ndi chitini cha nyemba. Sipanapite masiku ambiri, chidebecho chinapezeka. Pofika 2017 timabokosi totere tinali titapitirira 3 miliyoni padziko lonse.

Mwina owerenga ena ayamba kale kudabwa kuti masewera osaka timabokosi alowa bwanji m'buku la alembi. Alowa chifukwa cha nthambi yake imodzi. Osewera ena amabisa timabokosi tawo pafupi ndi manda akalekale, makamaka a anthu amene kumeneko amawatcha pioneers, ndiye kuti makolo amene anayamba kuswa mphanje ndi kumanga midzi kumene kukukhala zidzukulu zawo lero. M'zigawo za Indiana ndi Wisconsin muli mndandanda wautali wa timabokosi totere pansi pa dzina loti Spirit Quest. Wobisa amalemba mbiri ya mandawo ndi ya ena ogona m'menemo. Nthawi zina amakonza zoti manambala omaliza munthu awapeze powerengetsa zaka zolembedwa pa chiliza. Pamenepa masewera asanduka zolembalemba. Pali mlembi, pali nkhani, pali owerenga, ndipo pali cholinga chimene mlembiyo akulengeza poyera, chomwe ndi kulemekeza makolo. Chinthu chotere tili ndi ufulu wochizukuta monga momwe timazukutira ndakatulo yolira malemu.

Tiyambe ndi kuyamikira, pakuti choyamika chilipo. Manda ambiri a kumidzi ya ku America anasiyidwa okha, zidzukulu zitabalalikira m'mizinda. Masewerawa amabweretsa munthu wamoyo pamalo pamene patha zaka osapondapo phazi. Amamuweramitsa kuti awerenge dzina limene ndere zatsala pang'ono kulifafaniza, ndipo amamuchititsa kuwerengetsa kuti mwana wogona pamenepo anakhala ndi moyo miyezi ingati. Mlembi aliyense amasirira mphamvu yotere, ya nkhani imene owerenga sangaimalize ali khale pampando. Malamulo a masewerawa amaletsanso kukumba ndi kukwirira, ndipo amafuna kuti wobisa ayambe wapempha kwa eni malo.

Koma tsegulani kabuku ka m'kabokosi muja muone zimene alendo amalembamo. Ambiri amangolemba tsiku, dzina lopeka limene amasewerera, ndi zilembo zinayi, TFTC, zimene tanthauzo lake ndi kuthokoza amene anabisa kabokosiko. Zikomo akupita kwa wamoyo mnzawo. Malemu aja angokhala chikwangwani cha panjira, ndipo chimene mtima wa mlendo ukugundira ndi kuonjezera chiwerengero cha timabokosi timene wapeza. Ngakhale kwawo komweko si onse anakondwa nazo. Mu 2005 aphungu a chigawo cha South Carolina anavomereza bilu yoletsa masewerawa m'manda popanda chilolezo cholembedwa, ngakhale kuti biluyo sinafike pokhala lamulo.

Vuto lina lili m'liwu lija loti pioneer. Beavercreek, kumene kunabisidwa chidebe choyamba, ili pafupi ndi Oregon City, mzinda umene unali mathero a njira yotchuka ya ngolo imene azungu ankadzera posamukira kumadzulo m'zaka za m'ma 1840. Anthu amenewa sanapeze dziko lopanda eni. Kunali mitundu monga Clackamas, Molalla ndi Kalapuya, imene m'zaka za m'ma 1850 inasamutsidwira kumalo otchedwa Grand Ronde. Choncho woyamba amene kabokosi kakumulemekeza ndi woyamba kukhala ndi chiliza cholembedwa, osati woyamba kumwa madzi a mtsinje wa kumeneko.

Tsopano tiyeni tiwasenze masewerawa pamutu, titsike nawo msewu wa Khwekhwerere kuchokera pa Masasa, tifike pa Golomoti, tikhotere kumpoto kulowera ku Mua ndi ku Mtakataka. Ndasankha chigwa chimenechi chifukwa funso loti woyamba ndani silingayankhidwe ndi mpweya umodzi kumeneko. Kumapiri a Dedza omwewo kuli mapanga a Chongoni, malo 127 a zojambula za pamiyala amene UNESCO inawazindikira mu 2006, ndipo zina mwa zojambulazo n'za Akafula amene Achewa anawapeza. Pambuyo pa Achewa kunabwera Ayao, ndi Angoni a kwa Kachindamoto amene anakhazikika kuchigwachi kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 atasemphana ndi abale awo a kwa Gomani. Ansembe a White Fathers, amene anayesapo kwa Mponda mu 1889 n'kuchokako mu 1891, anadzamanga mishoni ya Mua mu 1902. Pa onsewa, omaliza kufika ndiwo anali ndi cholembera ndi simenti. Masewera odalira dzina lozokotedwa pamwala adzawapeza iwowo msanga, n'kuwatcha oyamba.

Alipo manda amene masewerawa angawayenere, ndipo sali kutali. Kuchokera pa Golomoti pomwepo msewu wina umapita ku Monkey Bay, ndipo kuseri kwake kuli Cape Maclear, kumene mishoni ya Livingstonia inayambira mu 1875 isanasamukire ku Bandawe mu 1881. Kumeneko kuli manda a atumiki a mishoniyo, ndipo alendo amakaona tsiku lililonse popanda wowaletsa. Mwa ogona kumeneko muli Dokotala William Black ndi Shadrach Mngunana, Mxhosa wochokera ku sukulu ya Lovedale, onse omwalira mu 1877. Olemba mbiri amakonda kuwerengetsa zaka zimenezo kuti zinabala manda asanu ndi wobatizidwa mmodzi, Albert Namalambe. Kuwerengetsa kumeneku n'kogwira mtima, komabe tikufunseni: nanga mazana a amuna amene anasenza zidutswa za sitima ya Ilala kulambalala mathithi a Shire kuti mishoniyo ifike kunyanja, ali pa mwala uti? Wosewera atha kutuluka m'mandamo atapeza manambala ake onse, osakumanapo ndi dzina la mmodzi wa iwo.

Manda a kumudzi ndi nkhani inanso. Mukamayenda mumsewu wa Salima kupita ku Balaka, paliponse pamene mwaona kankhalango ka mitengo yachilengedwe katatsala kokha pakati pa minda yoyera, kawirikawiri pamenepo ndi pamanda. Mitengoyo inapulumuka nkhwangwa chifukwa cha mantha ndi ulemu, zinthu ziwiri zimene kwathu kuno zimayendera limodzi. Munthu salowamo chifukwa choti walakalaka. Amalowamo pa maliro, kapena mfumu italola, ndipo otsogolera ndi adzukulu. Potuluka amasamba m'manja. Mwana amauzidwa akadali wamng'ono kuti manda salozedwa ndi chala. M'midzi yambiri ya Achewa nkhalango yomweyo ndiyo imasunga dambwe, ndipo pamenepa ndilekezera pomwepa, eni ake akudziwa.

Tengani tsono malamulo a masewera aja muwaike pambali pa mwambo umenewu, muona kuti palibe n'limodzi lomwe limene silikugunda khoma. GPS ndi chala, ndipo ntchito yake yonse ndi kuloza. Wosewera wabwino amayenera kusaka mwakachetechete kuti anthu osadziwa masewerawa asamuone, pamene kwathu munthu wopita kumanda mozemba ali ndi dzina lake lodziwika, ndipo dzinalo si losewera nalo. Masewera akuti tenga kanthu usiye kanthu. Pa mitumbira yathu zinthu zimasiyidwadi, mbale ndi zikho za malemu zobooledwa pansi, koma ulendo wake ndi umodzi basi. Chinthu chikalowa kumanda sichitulukanso, ndipo wochitulutsa amakayankha pabwalo la mfumu ali ndi mbuzi m'manja, ngati zamukomera.

Izi sizongoseketsa ayi. Kuyambira cha mu 2014 dziko lino linaona abale athu achialubino akuphedwa ndi manda awo akufukulidwa ndi anthu ofuna mafupa, mpaka mu 2016 Nyumba ya Malamulo inakhwimitsa zilango. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu angapo m'maboma a kumwera, ena mwa iwo mlandu wawo unali kungokhala achilendo. Mudzi umene wadutsa m'zimenezi ukaona munthu wosamudziwa akuzungulirazungulira kumanda, maso ali pa kachipangizo kam'manja, sudzayamba ndi kufunsa malamulo a masewera. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma apa phula lingakhale chakudya chabwino.

Wina anganene kuti ndiye kuti ife tangotsekera makolo athu m'nkhalango n'kuwaiwala. Ayi ndithu. Kusiyana kwake kuli pa kumene ulendo umalowera. M'masewera aja amoyo ndiwo amapita kukaona akufa. Kwathu akufa ndiwo amabwera kudzaona amoyo. Amabwera m'dzina: mwana amapatsidwa dzina la agogo ake, ndipo mudzi umatchedwa dzina la amene anauyambitsa, limene wolowa ufumu aliyense amalivala ngati malaya. Dzina la Kachindamoto ladutsa mibadwo chomwecho, mpaka linadzafika kwa mayi, Theresa Kachindamoto, amene analimveketsa kutali pomasula atsikana ku maukwati a ana. Amabwera kutulo, kudzadandaula kuti aiwalika, ndipo mbumba imafulula mowa. Koposa zonse amabwera pabwalo, ng'oma zikalira, zilombo zikatuluka kunkhalango kuja fumbi lili kobo. Kasiyamaliro akamalowa m'mudzi, palibe amene amafuna manambala kuti adziwe kumene makolo ali.

Chondisangalatsa n'chakuti Gule Wamkulu anazukuta kale nkhani ya obwera amene amadzitcha oyamba, ife alembi tisanatole cholembera. Mbiri ya mkangano wa amishoni ndi gule m'dera la Mua ndi yodziwika, ndipo Ian Linden anaifotokoza m'buku lake la 1974 lonena za Akatolika ndi Achewa m'nthawi ya atsamunda. Ansembe ankati gule akubweza ana kusukulu ndi Akhristu kutchalitchi, ndipo anadandaula kuboma, koma boma silinalole kumuthetseratu. Gule sanayankhe ndi kalata. Anatulutsa Simoni, wa nkhope yofiira ngati mzungu wopsa ndi dzuwa, ndiponso Maliya. Mlendo uja anatengedwa, n'kulowetsedwa kunkhalango, n'kutulukako akuvina pamodzi ndi mizimu ya eni dziko. Kaya kumeneko ndi kumunyoza kaya ndi kumulandira, akatswiri amatsutsanabe, ndipo ine ndikuona kuti ndi zonse ziwiri nthawi imodzi. Chiliza sichingachite zimenezo, chifukwa chiliza chimangodziwa kutamanda.

Cha m'nyengo yomweyo imene Ulmer ankabisa chidebe chake, ku Mua kunatsegulidwa nyumba yosungiramo za mbiri ndi chikhalidwe yotchedwa Chamare. Ndi mbali ya likulu la zaluso la KuNgoni, limene Bambo Claude Boucher, wansembe wochokera ku Canada amene anthu anamupatsa mfunda woti Chisale, analiyambitsa mu 1976. Nyumbayi ili ndi zipinda zitatu: china cha mbiri ya mishoni, china cha Achewa momwe muli nkhope za zilombo zoposa 400, ndi china cha Angoni ndi Ayao. Ndikuitchula pano chifukwa ikuyesa kuchita chomwecho chimene masewera aja amalonjeza, kufikitsa mlendo kwa makolo a malo, ndipo m'kuona kwanga ikuchita bwino kuposa iwo pa chifukwa chimodzi chachikulu. Mlendo amalowera pachipata masana, amapatsidwa moni, amayenda ndi womuperekeza, ndipo amabwerera kwawo atamva zambiri za imfa, maliro ndi mizimu osapondako kumanda a munthu. Komanso sitingalephere kuona kuti mishoni imene inalimbana ndi gule ndiyo inadzamumangira nyumba, zaka zingapo UNESCO isanamulemekeze mu 2005. Kulapa kwina kumalembedwa ndi njerwa.

Komabe nyumbayi nayo ili ndi pofooka pake, ndipo kuibisira kungakhale kuipeputsa. Chilombo chopachikidwa pakhoma chili ngati nyimbo yosindikizidwa m'buku. Mawu alipo, koma palibe mbalule, palibe amayi oyankha, palibe ana othawa. Mlendo amaona zilombo mazanamazana m'ola limodzi, pamene mwana wa pamudzi angaone zochepa chabe moyo wake wonse, koma mwanayo ndiye wachionadi chilombo, chifukwa anachiopa. Buku la Bambo Boucher la 2012, When Animals Sing and Spirits Dance, ndi ntchito ya zaka zambiri ndipo mlembi wa Chichewa amene sanalitsegulepo akudzimana. Chimene ndimatsutsana nalo ndi chizolowezi chake chopezera chilombo chilichonse phunziro la makhalidwe abwino, ngati kuti gule ndi katekisimu wovala nthenga. Gule amalangizadi, koma amatukwananso, amaseka mafumu, amathamangitsa anthu, ndipo nthawi zina amangofuna kusangalala. Ndiponso mafotokozedwe a m'bukumo ali m'Chingerezi. Nyimbo ndi zathu, koma wotanthauziridwa ndi mlendo.

Dzina lenileni la nyumbayi lili ndi nkhani yake. Chamare ndi m'mene anthu a ku Mua ankatchulira Jean-Baptiste Champmartin, mmishonale wa ku France amene anatumikira kumeneko zaka zambiri. Kumbali imodzi tabwerera ku vuto la ku Oregon lija: nyumba yosunga chuma cha Achewa, Angoni ndi Ayao yatenga dzina la wobwera. Kumbali ina, dzinalo si la Chifalansanso. Linadutsa m'kamwa mwa anthu, linasulidwa mpaka linakwana lilime lawo, monga momwe Simoni anasulidwira. Amene anaika Chamare pakhomo m'malo mwa Champmartin anasankha bwino.

Nanga ife alembi a Chichewa tili pati pamenepa? Akuluakulu athu anationetsa njira. Samuel Josiah Ntara polemba Mbiri ya Achewa anadalira zimene okalamba anamuuza, ndipo Archibald Makumbi analemba Maliro ndi Miyambo ya Achewa kuti wobadwa mawa adzadziwe chimene chimachitika kuyambira pa siwa mpaka kumanda. Onsewa anafika kwa akufa kudzera pakhomo la amoyo. Dera la Mua lili ndi oyamba ake amene mabuku amawadziwa, monga Cornelius Chitsulo, mwana wa kumeneko, amene mu 1937 anakhala wansembe woyamba wa Chikatolika wa dziko lino ndipo mu 1957 anadzozedwa kukhala episkopi ku Dedza. Koma Chitsulo sanamere ngati bowa. Alipo akatekisiti amene anamuphunzitsa afabeti pansi pa mtengo, amayi amene anasenza madzi a mu Nadzipokwe oumbira njerwa za mishoni, mafumu amene anapereka malo, ndi akuluakulu a mzinda amene anakana kupereka ana awo. Ena mwa mayina amenewa ali m'mabuku a tsiku ndi tsiku amene ansembe ankalemba m'Chifalansa, ena ali m'kaundula wa ubatizo, ndipo ambiri ali m'mitu ya agogo amene akutsala ochepa chaka ndi chaka. Nkhani yotere imafuna mphasa, fodya wa agogo ndi masiku angapo. Ndakatulo zathu zambiri za makolo zimangoti makolo, makolo, osatchula ndi mmodzi yemwe, ndipo pamenepo wosewera wa ku Indiana amene wawerenga dzina limodzi pachiliza watiposa.

Nkhaniyi siili kutali monga ikuonekera, chifukwa manda a kumudzi nawo akusintha. Pamene kale panali mitumbira yadothi, lero pakumera ziliza za simenti ndi matailosi, zolembedwa dzina, tsiku lobadwa, tsiku lomwalira ndi vesi. Kawirikawiri ndalama zake zimachokera kwa ana amene ali ku Lilongwe kapena ku Joni. Zidzukulu za machona, zobadwira ku Harare, ku Bulawayo ndi ku Johannesburg, zina zikubwera kudzafuna kumene agogo awo anachokera, ndipo zikubwera ndi foni m'manja, malo atatumizidwa kale pa WhatsApp. Foniyo idzamufikitsa mwana wotere pa Mtakataka, idzamulowetsa m'kanjira ka m'mudzi, mwina mpaka poti n'kuiona nkhalango ija patali. Kuyambira pamenepo idzalowa m'thumba. Adzakhala pamphasa kwa amfumu, adzanena mfunda wake ndi dzina la mayi amene anabala agogo ake, ndipo amfumu adzatuma mwana kukaitana munthu. Chichewa chinawapatsa awiriwa dzina limodzi, pakuti wochokera ku Joniyo ndi mdzukulu, woitanidwayonso ndi mdzukulu. Wachiwiriyu ndiye adzatsogole, chifukwa ndiye akudziwa kuti malemuwo anagona kumunsi kwa mtengo uti.